Abbas Effendi, Mkaidi wa ku Akka

Kumpoto kwa Dziko Loyera, m'mbali mwa nyanja yaikulu ya Mediterranean, kuli mudzi wakalekale wozingidwa ndi linga la miyala, dzina lake Akka. Owerenga buku la Ntchito za Atumwi audziwa mudziwo ndi dzina lina, ndilo Ptolemais, kumene Paulo Woyera adakocheza pa ulendo wake wachitatu, nakhala tsiku limodzi ndi abale. Pa 31 Ogasiti 1868 padafika pa doko la mudzi womwewo akaidi ngati 70, amuna, akazi ndi ana, otumizidwa ndi boma la Aturuki. Mlandu wao sunali wakuba kapena wakupha munthu, koma wa chipembedzo. Pakati pao panali mnyamata wa zaka 24, dzina lake Abbas Effendi, amene pambuyo pake adamveka m'maiko ambiri ndi dzina la Abdu'l-Baha. Adalowa m'lingamo ali mnyamata, koma ufulu adaulandira ali nkhalamba ya imvi, zitapita zaka 40.

Anthu a chipembedzo chake atchedwa a Baha'i. Sali Akhristu, ndiponso sali Asilamu, ngakhale chipembedzocho chidaphukira m'dziko la Asilamu. Mbiri ya munthu ameneyu isonyeza zimene boma lingathe kuchitira anthu ochepa a chikhulupiriro chosiyana ndi cha unyinji, ndi zimene maiko ena angathe kuchita, kapena kulephera kuchita, pofuna kuwatchinjiriza.

Kubadwa kwake

Abbas adabadwira mu mzinda wa Tehran, likulu la dziko la Persia, limene tsopano litchedwa Iran, pa 23 Meyi 1844. Atate ake, a Mirza Husayn Ali, anali mwana wa nduna ya mfumu, munthu wa chuma ndi minda yambiri. Amai ake, a Asiyih Khanum, analinso a banja lomveka. M'chaka chomwecho, ku mzinda wa Shiraz, kumwera kwa dzikolo, mnyamata wina wamalonda, Siyyid Ali Muhammad, adayamba kulalika kuti iye ndiye Bab, ndiko kunena Khomo, ndi kuti mthenga wina wa Mulungu, woposa iye mwini, ali pafupi kuoneka. Atate a Abbas anali mmodzi wa anthu oyamba kulandira chiphunzitsocho.

Mau a Bab adautsa mkwiyo waukulu. Asilamu akhulupirira kuti Muhammad ndiye mneneri wotsiriza, tsono kwa akulu a chipembedzo a ku Persia munthu wotsata mneneri watsopano anali wampatuko, woyenera imfa. Boma nalonso lidachita mantha poona kuti anthu zikwizikwi alikupita kumeneko. Pakati pa 1848 ndi 1851 kudabuka nkhondo ku Shaykh Tabarsi, ku Nayriz ndi ku Zanjan, kumene otsata Bab adadzitchinjiriza ndi zida, koma asilikali a mfumu adawagonjetsa nawapha ambiri. Bab mwini adamuombera ku Tabriz pa 9 Julayi 1850.

Chaka cha magazi

Mu Ogasiti 1852 anyamata owerengeka, owawidwa mtima ndi imfa ya mphunzitsi wao, adayesa kupha mfumu ya Persia, Nasir al-Din Shah. Mfumuyo idangovulala pang'ono, koma chilango chidagwera gulu lonse, olakwa ndi osalakwa omwe. Ambiri adaphedwa m'miseu ya Tehran ndi nkhanza zosaneneka. Mkulu wina wa asilikali wa ku Austria, amene anali pa ntchito ya Shah, adalemba kalata yofotokoza zimene adaona ndi maso ake, ndipo kalatayo idasindikizidwa m'nyuzipepala za ku Ulaya.

Atate a Abbas, ngakhale sadadziwe kanthu za chiwembucho, adawaponya m'ndende ya pansi pa nthaka yotchedwa Siyah-Chal, ndiko kuti Dzenje Lakuda, nawamanga unyolo wolemera m'khosi. Nyumba yao idafunkhidwa. Mwana amene adaleredwa m'chuma adayamba kugendedwa miyala ndi ana anzake m'njira, ndipo tsiku lina amai ake, posowa mkate, adamthira ufa wouma m'manja kuti adye. Pamene adamtenga kukaona atate ake kundendeko, adawaona akutuluka mumdima, owerama ndi kulemera kwa unyolo, ndipo mwanayo adakomoka. Anali ndi zaka 8.

Pamenepo mpamene dzanja la dziko lachilendo lidaonekera koyamba m'moyo wake. Kazembe wa Russia ku Tehran, Prince Dolgorukov, adalankhula ndi boma la Persia kuti munthu wosapezeka ndi mlandu asaphedwe. Itapita miyezi inai atate a Abbas adawamasula, koma adawalamula kuti achoke m'dzikomo. Kazembeyo adawalonjeza malo ku Russia, koma iwo adasankha kupita ku Baghdad, mzinda umene unali m'manja mwa Aturuki. Adanyamuka mu Januwale 1853, m'nyengo ya chisanu choopsa, nadutsa mapiri opanda zofunda zokwanira, nafika mu Epulo. Mapazi a Abbas adapsa ndi chisanu pa ulendowo, ndipo ululu wake sudamsiye moyo wake wonse. Ku Persia sadabwererenso.

Kuchotsedwa mudzi ndi mudzi

Ku Baghdad adakhalako zaka 10. Abbas sadalowe sukulu. Adaphunzira kwa atate ake ndi kwa akulu a m'nyumba, nakula ali wodziwa kulankhula ndi anthu a mtundu uliwonse. Koma boma la Persia silidakondwe poona kuti othawawo ali pafupi ndi malire ake, ndi kuti anthu a kwao alikuwayendera. Choncho lidaumiriza boma la Aturuki kuti liwasunthire kutali. Mu Epulo 1863, asananyamuke, atate a Abbas adaulula kwa anzao owerengeka kuti iwo ndiwo mthenga amene Bab adalonjeza. Ndiwo amene adziwika ndi dzina la Baha'u'llah, ndipo otsata ao adayamba kutchedwa a Baha'i. Adaphunzitsa kuti Mulungu ndi mmodzi, kuti anthu onse ndi banja limodzi, kuti mwamuna ndi mkazi ali olingana, ndi kuti mwana aliyense aphunzire. Adaletsanso kumenyera chipembedzo ndi lupanga, nalamula anthu ao kumvera boma la dziko limene akhalamo.

Adawatengera ku Constantinople, ndipo itangopita miyezi inai adawachotsanso, m'chisanu, kunka ku Adrianople, mzinda umene tsopano utchedwa Edirne. Kumeneko, ndiponso pambuyo pake ku Akka, Baha'u'llah adalemba makalata kwa olamula a dziko lapansi: kwa Napoleon III wa ku France, kwa Mfumukazi Victoria, kwa Alexander II wa ku Russia, kwa Papa Pius IX, ndi kwa Shah wa ku Persia. Mnyamata wa zaka 17 wotchedwa Badi, amene adatenga kalata ya Shah mu 1869, adamzunza ndi zitsulo zamoto namupha.

Mu 1868 Sultan Abdul Aziz adalamula kuti onse akatsekeredwe ku Akka moyo wao wonse. Akazembe ena a maiko a ku Ulaya okhala ku Adrianople adadzipereka kuti awalankhulire, koma Baha'u'llah sadalole.

M'linga la Akka

Masiku amenewo Akka unali mudzi wotayirako zigawenga ndi adani a Sultan. Mpweya wake unali woipa kotero kuti anthu ankanena kuti mbalame youluka pamwamba pake imagwa nifa. Akaidiwo adawatsekera m'nyumba ya asilikali, ndipo lamulo la Sultan lidawerengedwa mu mzikiti, kuchenjeza eni mudzi kuti asayanjane nao. Chakudya chao chinali mkate wakuda wamchere, madzi ao anali oipa. Posachedwa pafupifupi onse adagwa ndi malungo ndi kamwazi, ndipo atatu adamwalira. Abbas ndiye adasanduka namwino wao: ankawasambitsa, kuwaphikira msuzi ndi kuwachezera usiku, kufikira iye mwini adadwala. Mu 1870 mng'ono wake, Mirza Mihdi, adagwa kuchokera pa denga la ndendeyo alikupemphera, namwalira ali ndi zaka 22.

Zitapita zaka ziwiri adawalola kukhala m'nyumba za m'mudzimo, koma osatuluka pa chipata. Mu 1872 a Baha'i asanu ndi awiri, monyoza malangizo a mtsogoleri wao, adapha anthu atatu amene ankawanenera zoipa kwa boma. Mlanduwo udadetsa dzina la gulu lonse, ndipo Abbas yemwe adagona m'maunyolo. Ntchito yokonzanso ubale ndi eni mudzi idagwera iye. Ndiye ankaonekera kwa bwanamkubwa, kwa oweruza ndi kwa amalonda m'malo mwa atate ake. Tsiku lachisanu lililonse amphawi a m'mudzimo, Asilamu ndi Akhristu omwe, ankasonkhana pakhomo pake, iye nawagawira zimene anali nazo. M'nyengo yachisanu ankawapatsa miinjiro, ndipo odwala osowa wowasamala ankawayendera m'nyumba zao. Pang'onopang'ono anthu amene adauzidwa kuti amuope adayamba kumutcha atate wa amphawi.

Mu 1873 adakwatira Munirih Khanum. Adabereka ana asanu ndi anai, koma asanu adafa ali ang'ono, natsala ana aakazi anai. Mu 1877, mitima ya akulu a boma itafewa, adapezera atate ake nyumba kunja kwa linga, ngakhale lamulo la Sultan linali lisanafafanizidwe.

M'zaka zimenezo maiko ena adayamba kumva za a Baha'i. Mu 1889, ku Ashkhabad, mzinda umene unali pansi pa Russia, anthu adabaya nkhalamba ina ya Baha'i poyera. Boma la Russia lidawazenga mlandu niliwapeza olakwa, chinthu chimene ku Persia sichidachitikepo, ndipo a Baha'i eni ake ndiwo adapempha kuti chilango cha imfa chichepetsedwe. Mu 1890 Edward Granville Browne, mphunzitsi wa ku Cambridge, adafika ku Akka, nacheza ndi Baha'u'llah ndi mwana wao, nalemba mabuku amene adadziwitsa Azungu nkhani yao.

Mtsogoleri womangidwa

Baha'u'llah adamwalira pa 29 Meyi 1892, atalemba kuti Abbas ndiye adzatsogolere otsata ao. Iye adadzisankhira dzina la Abdu'l-Baha, ndiko kunena Mtumiki wa Baha. Koma mdani wake woopsa adatuluka m'nyumba momwemo. Mbale wake wa mai wina, Mirza Muhammad Ali, adachita nsanje, nayamba kumneneza kwa Aturuki. Nthawi imeneyo Abdu'l-Baha anali kumanga manda a Bab pa phiri la Carmel, phiri la mneneri Eliya, patsidya pa Akka. Omnenezawo adauza boma kuti nyumbayo ndi linga la nkhondo, ndi kuti alendo a ku America ndi ku Ulaya, amene adayamba kumchezera mu 1898, ndi azondi. Mu 1901 Sultan Abdul Hamid II adalamula kuti atsekeredwenso m'kati mwa Akka. Ali momwemo, mu 1903, adamva kuti ku Yazd ndi m'midzi yozungulira, m'dziko la Persia, a Baha'i ngati 100 aphedwa ndi chigulu cha anthu, boma lili chete.

Kawiri Sultan adatuma akuluakulu kudzafufuza mlandu wake. Ulendo wachiwiri mbiri idawanda m'mudzi monse kuti adzamtaya ku chipululu cha Fezzan, m'dziko la Libya, kapena kumponya m'nyanja. Kazembe wina wa ku Ulaya adamkonzera sitima ya katundu ya ku Italy kuti athawe usiku, koma iye adakana, pakuti Bab sadathawe, atate akenso sadathawe. Anthu adazizwa pomuona alikubzala mitengo ndi mpesa m'munda mwake, ndi kukonza nyumba ya lendi, monga munthu wosayembekeza kuchoka. Ofufuza aja adabwerera ku Constantinople ndi mapepala ao, koma chigamulo chisanatuluke, mu Julayi 1908, gulu la Young Turks lidaukira Sultan nilimkakamiza kumasula onse omangidwa pa zifukwa za ndale ndi za chipembedzo. Abdu'l-Baha anali ndi zaka 64. Pa 21 Malichi 1909 adaika mafupa a Bab m'manda aja a pa Carmel, atabisidwa malo ndi malo zaka zoposa 58.

Maulendo ake

Munthu amene sadaimepo pa msonkhano wa anthu ambiri adanyamuka mu 1910 kunka ku Egypt, ndipo mu 1911 adafika ku London ndi ku Paris. Pa 11 Epulo 1912 adakocheza ku New York, nayenda miyezi isanu ndi itatu m'dziko la America ndi la Canada, kulankhula m'matchalitchi, m'masunagoge ndi m'masukulu aakulu. Ankachenjeza kuti maiko a ku Ulaya adzikundikira zida, ndi kuti kamoto kakang'ono kadzayatsa onse. Ankadzudzulanso tsankho la pakati pa anthu oyera ndi akuda. Adalankhula pa Howard University, sukulu ya anthu akuda ku Washington, ndipo adalimbikitsa ukwati wa Louis Gregory, loya wakuda, ndi Louisa Mathew wa ku England, m'masiku amene zigawo zambiri za America zinali kuletsa maukwati otere. Adabwerera ku Haifa mu Disembala 1913.

Nkhondo ndi njala

Itayamba nkhondo yaikulu ya 1914, Dziko Loyera lidalowa m'masautso. Zombo za adani a Aturuki zidatseka madoko, asilikali adalanda dzinthu, ndipo mu 1915 dzombe lidatha zotsala. Abdu'l-Baha anali atalimbikitsa kale alimi a Baha'i a ku Adasiyyih, m'chigwa cha Jordan pafupi ndi nyanja ya Galilea, kuti alime tirigu wambiri ndi kumsunga. Njala itakula adatumiza tiriguyo pa ngamira ku Haifa ndi ku Akka, namgawira anthu osafunsa chipembedzo chao.

Mkulu wa asilikali a Aturuki m'chigawocho, Jamal Pasha, adamvera omneneza aja, naopseza kuti adzampachika pa mtanda. Mbiriyo idafika kwa Major Wellesley Tudor Pole, msilikali wa Angerezi ku Cairo, amene adaitumiza kwa abwenzi ake ku London. Iwo adaifikitsa kwa Lord Balfour, nduna yoona za maiko akunja, ndipo General Allenby adalandira lamulo lakuti atchinjirize Abdu'l-Baha ndi banja lake. Pa 23 Sepitembala 1918 asilikali a pa akavalo a ku India adalanda Haifa, nampeza ali moyo. Pa 27 Epulo 1920 boma la Britain lidampatsa ulemu wa dzina la Sir chifukwa cha ntchito yake ya pa njala. Adaulandira, koma dzinalo sankadzitcha nalo.

Chithandizo cha alendo chili ndi mtengo wake. Adani a a Baha'i ku Iran adatola nkhani ya ulemu umenewo, ndi ya kazembe wa Russia uja, nayamba kunena kuti chipembedzochi chidapangidwa ndi maboma achilendo. Dziko la Israel litakhazikitsidwa mu 1948, adaonjezera kuti a Baha'i ndi azondi ake, popeza malo ao oyera ali ku Haifa ndi ku Akka. Adaiwala dala kuti adawafikitsa kumeneko ndi mafumu awiri Achisilamu, zaka 80 dzikolo lisanabadwe.

Imfa yake

Tsiku lachisanu lotsiriza la moyo wake adakapemphera ku mzikiti monga mwa chizolowezi chake, nagawira amphawi ndi dzanja lake. Adamwalira ku Haifa m'bandakucha wa pa 28 Novembala 1921, ali ndi zaka 77. Pa maliro ake padasonkhana anthu ngati 10,000, Asilamu, Akhristu, Ayuda ndi Adruze, pamodzi ndi Sir Herbert Samuel, bwanamkubwa wa Palestine. Adakwera nalo bokosi pa phiri la Carmel, ndipo anthu asanu ndi anai a zipembedzo zosiyana adalankhula zomlira. Utsogoleri adausiyira mdzukulu wake, Shoghi Effendi, amene anali pa sukulu ku Oxford.

Zimene zidatsatira

Mazunzo sadathere pa manda ake. Nyumba ya ku Baghdad, m'mene adakulira, idalandidwa, ndipo mu 1929 bungwe la League of Nations lidavomereza kuti a Baha'i adalakwiridwa, koma nyumbayo sidabwezedwe, ndipo idagwetsedwa mu 2013. Mu 1955 mlaliki wina adawatukwana pa wailesi ya boma la Iran, asilikali nagumula denga la likulu lao ku Tehran. Dandaulo litafika ku United Nations, ndi nyuzipepala za maiko zitalemba, boma lidabwerera m'mbuyo. Ku Egypt mabungwe ao adatsekedwa ndi lamulo mu 1960. Ku Morocco mu 1962 ena adaweruzidwa kuti aphedwe, koma maiko atadandaula, bwalo lalikulu lidafafaniza chigamulocho mu 1963.

Chovuta koposa chidadza ndi boma latsopano la Iran mu 1979. Malamulo ake aakulu adavomereza Akhristu, Ayuda ndi Azoroasta, koma a Baha'i adawasiya kunja. Nyumba ya Bab ku Shiraz idagumulidwa, ambiri adachotsedwa ntchito, ana ao adatsekeredwa makomo a mayunivesite, ndipo oposa 200 adaphedwa. Pa 18 Juni 1983 akazi 10 adanyongedwa ku Shiraz atakana kusiya chikhulupiriro chao. Wamng'ono mwa iwo, Mona Mahmudnizhad, anali ndi zaka 17, ndipo ntchito yake inali yophunzitsa ana za chipembedzo. Kuyambira 1985 msonkhano waukulu wa United Nations wadzudzula boma la Iran kambirimbiri. Kunyonga kudachepa, koma mu 1993 nthumwi ya bungwelo, Reynaldo Galindo Pohl, idaulula kalata yachinsinsi ya boma ya 1991, yolamula kuti a Baha'i atsekerezedwe njira za maphunziro ndi za ntchito. Atsogoleri ao asanu ndi awiri adamangidwa mu 2008, nakhala m'ndende zaka ngati 10.

Dziko la Iran lidavomereza nao chikalata cha maufulu a anthu cha 1948, chimene chinena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa chipembedzo ndi wosintha chipembedzo chake. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, pa 7 Disembala 1965, udaphunzitsanso kuti boma lisakakamize munthu pa za chikhulupiriro, ndi kuti ufuluwo uchokera m'ulemu wa umunthu wake, osati m'kulondola kwa zimene akhulupirira. Munthu angathe kukana chiphunzitso cha Abdu'l-Baha, koma nkuvomerabe kuti mwana wa zaka 8 uja sadayenere kugendedwa miyala, ndi kuti zaka 40 za ku Akka zinali chilango cha munthu wopanda mlandu. Akale adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.